Lusekero ndi Chidindo cha Eni Ake

Nkhani inabwera ndi Mayi Bernadette, Lamlungu lina titangotuluka m'mapemphero athu a Amalawi. Anandikokera kuseri kwa galimoto kuti andinong'oneze, koma kunong'ona kwawo kumamveka mpaka pageti.

"Agogo, mwamva? Mwana wa a Edmund uja si loya ayi. Mayeso anagwa nawo. Kuofesi kuja anangomumvera chisoni, akumutuma makalata. Ndi mesenjala basi."

Ndinati, "Aaa mayi, mwangochoka kumene pamaso pa Mulungu, mwayamba kale?"

"Nanga ndiname? Ndinapita ndi mapepala anga a ntchito kuti andidindire, wandikanira. Akuti sanaloledwe. Loya wanji wopanda chidindo? Komanso Lachitatu anamuona ku Kitengela akutsika matatu, minibasi za kuno zija, envulopu kukhwapa, nsapato zili mbuu."

Kukhulupirira kwenikweni sindinakhulupirire, koma nkhaniyo inandikomera, ndisabise. Ndipo pa za envulopu kukhwapa munthu sangandinamize. Ine ndagwira umesenjala zaka makumi atatu ndi chimodzi, kuyambira ku Zomba mpaka ku Lilongwe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma mayendedwe a munthu wotumidwa ndimawadziwa ali patali. Amayenda mopendekeka, phewa limodzi lili m'mwamba. Lusekero, mwana wa a Edmund uja, naye ankayenda choncho.

Chimene nkhaniyo inandikomera ndi ichi. Kuno ku Nairobi ndimakhala ku Donholm kwa mwana wanga Jean, amene amagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu. Anandiitanitsa mayi ake atamwalira. M'nyumba momwemo muli mdzukulu wanga Arthur, amene anaphunzira zamalamulo kalasi imodzi ndi Lusekero. Arthur ndi wanzeru, musamve za anthu, kungoti mapepala awiri anamuvuta ndiye akudikira kulembanso. Kudikirako amadikirira pampando wa pabalaza, miyendo pa tebulo. Tsono Loweruka lililonse ndikakhala pa bawo ndi a Edmund, iwo sangadye nkhomo zanga mwakachetechete. "Mwana wanga loya wanena kuti mvula ibwera." "Mwana wanga loya sakonda mchere wambiri." Mpaka za mchere, abale! Ine ndimangoyang'ana pansi, nkhomo zikupita, mtima ukupita nawo.

Lusekero ndinamudziwa kudzera mwa bambo akewo. A Edmund anabwera kuno ali mnyamata, akuyendetsa galimoto ya bungwe, n'kukwatira mayi wa ku Ngong wogulitsa mbatata ndi kabichi pamsika. Mwanayu anabadwira konko, ndiye mapepala ake ndi a kuno, koma Chichewa bambo ake anamuumiriza kuyambira ali wakhanda. Amachiyankhula bwino, kungoti akakwiya chimathawira ku Chiswahili. Akuti ali ndi zaka khumi ankakhala pa benchi ya mayi ake kumaweruza milandu ya amayi okanganirana malo, mpaka ena ankamugulira chimanga chootcha kuti awakondere. Chimanga ankadya, kukondera osakondera. Izi ndi za a Edmund, ndiye muchotseko pang'ono.

Atamaliza yunivesite anapita ku sukulu ya maloya ija ya ku Karen. Kuchoka kumeneko akuti munthu sungangovala mkanjo. Umayenera kukakhala miyezi isanu ndi umodzi pansi pa loya wamkulu, kuphunzira ntchito ndi manja, ndipo pamapeto wamkuluyo amasaina fomu yonena kuti mwanayu ndamuona, ndi wokhulupirika. Popanda saini imeneyo, sukulu yonse ija ili ngati sunapiteko. Lusekero anapeza malo kwa mayi wina wachikenya, ofesi ya zipinda zitatu m'tauni, pansanjika yachinayi. Amadzuka kusanache, kukwera matatu a ku Ngong, kukafika mabwana asanafike, kutsegula mawindo, kusanja mafayilo, kukaima pamzere kukhoti, kukapereka masamoni kwa anthu amene amamasula agalu akamuona. Mundiuze inuyo ngati zimenezi zikusiyana ndi zimene ndinkachita ine.

Tsono mwayi unapezeka. Chikalata changa chokhalira m'dziko muno chinatsala pang'ono kutha, ndipo Jean anati fotokope ya pasipoti yanga ikufunika chidindo cha loya. Anati apita nane yekha Lachisanu. Ine ndinati ayi mwanangu, usajombe kuntchito, tili naye loya wathu. Lachinayi m'mawa ndinavala jekete, n'kukwera matatu pa msewu wa Outer Ring. Kondakitala anandikweza ngati thumba la makala, "Mzee, songa, songa," kutanthauza kuti madala sunthani, nyimbo zili phokoso moti mano anga otsalawa ankagwedera.

Ndinamupeza yekha, atazunguliridwa ndi mafayilo mpaka m'khosi.

"Agogo! Mwafika bwanji kuno? Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, a loya. Kaya inu a loya?"

"Musanditchule choncho, Agogo, sindinafike. Kwatsala masabata atatu."

"Ee, masabata atatu. Chabwino. Tandidindira apa ndizipita, ndisakuchedwetse ku makalata ako."

Anayang'ana pepala lija, n'kuseka pang'ono. "Nanunso? Agogo, ine sindingadinde. Chidindo ndi cha bwana, dzina lake lili pomwepo. Ali kukhoti, abwera cha m'ma thuu. Mudikire, akuchitirani bwinobwino."

"Chidindocho chili kuti?"

"Mu dirowa umu. Kiyi anandisungitsa ine."

"Ndiye kiyi uli naye, dzanja uli nalo, inki ilipo. Chavuta n'chiyani? Kapena zimene akunena anthu n'zoona?"

"Akuti chiyani anthu?"

"Aaa, anthu amanena zambiri. Ine sindimvera."

Anaimirira n'kunena kuti, "Ndikupangireni tiyi." Anatsegula dirowa ija kutengamo makiyi a kukhitchini, n'kutuluka. Kiyi wa dirowa anamusiya akulendewera pomwepo.

Tsopano apa mundimvetse. Ine zidindo ndakhala nazo moyo wanga wonse. Ku boma bwana akapita ku nkhomaliro, tinkadinda ndife, iye n'kudzangosaina. Palibe anafa nazo. Ndinakoka dirowa, n'kuchipeza chili m'kabokosi kake, chogwirira chakuda, chonyezimira. Deti linali la dzulo, ndinalikonza. Ndinachiuzira mpweya pang'ono monga timachitira, n'kuchikhazika pa pepala langa. Chinatuluka bwino kwabasi, chowongoka, chilembo chilichonse chikuoneka. Dzanja silinaiwale. Maganizo anga anali akuti: ngati ndi loya asaina, ngati ndi mesenjala achita mantha, ndipo Loweruka pa bawo ndidzakhala ndi kanthu kanga konena.

Atalowa ndi tiyi ndinamutambasulira pepala lija.

"Ntchito yovuta ndakugwirira kale. Iwe ingosaina apa."

Anayang'ana pepala lija, kapu ili m'manja. Anaiika pansi, n'kukhala, manja onse kumutu.

"Agogo, mwachita chiyani? Mungu wangu. Mwachita chiyani?"

"Ndadinda. Taona kuwongoka kwake."

"Mukudziwa kuti pepala ili likunena kuti bwana anaona pasipoti yanu, pamene sanaione? Mukudziwa kuti kiyi ameneyu ali m'manja mwanga? Akamva kuti chidindo chake chagwira ntchito iye kulibe, fomu yanga sasaina. Ndipo akauza anzake, palibe ofesi ina inganditenge mu Nairobi muno."

Apa nthabwala inayamba kundithera. Ndinati, "Basi, ng'amba. Titaye m'chimbudzi. Waona ndani? Ine ndi iwe basi, ndipo ine pakamwa panga m'potseka."

"Pakamwa panu, Agogo?"

Zinandiwawa.

"Ndikang'amba ndiye kuti ndabisa," anatero. "Lamlungu nkhani ikhala ili kwa Mayi Bernadette, mwezi wamawa ifika kwa bwana kudzera kwina. Pamenepo adzandifunsa chimene ndinakhalira chete, ndidzati chiyani?"

Anatenga pepala langa n'kuliika mu envulopu, n'kutseka dirowa, kiyi m'thumba. Kenako anaimbira foni bwana wake. Ndinamva akunena Chingerezi chapansipansi, ndipo sanadule mpaka anamaliza. Ine ndinanyamuka kuti ndikaone ngati kunja kukugwa mvula.

"Khalani pansi, Agogo. Mudikira."

Mwana wobadwa dzulo, kundikhazika pa benchi maola atatu! Tiyi anandipatsa wina, sanandimane, koma sanandiyankhulenso. Ankalemba, kuyankha mafoni, kusanja mapepala a mlandu wa malo a ku Kitengela. Kawiri ndinamuona akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Ndinaganiza za Arthur ndi miyendo yake pa tebulo, n'kudzifunsa ngati iye akanaimba foni ija. Yankho ndinalipeza, koma sindilemba pano.

Bwana anafika thuu itadutsa. Mayi wamfupi, wa imvi zake, akukoka kachikwama ka mawilo. Sanakhale n'kukhala komwe. Anatsegula envulopu, kuyang'ana chidindo, kuyang'ana ine.

Chingerezi ndimachimva ndithu, zaka zonse zija sindinkatumidwa ndi mbuzi. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti ndi bwino chindithawe. Ndinati, "Chichewa only, madam." Ndiye Lusekero anakhala womasulira pa mlandu wake womwe.

"Akufunsa kuti anakupatsani chidindo ndani."

"Uwauze kuti ndinachipeza chili pa tebulo."

Anamasulira, n'kuwonjezera yekha kuti sichinali pa tebulo, chinali mu dirowa, ndipo kiyi anasiya ndi iyeyo. Ndinamva zonse. Ndinati, "Iwe, zimenezo sindinanene!"

"Ndanena ndine, Agogo. Akufunsa chifukwa chimene munachitira zimenezi."

Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana nsapato zanga. Mayi uja ankangodikira, ndipo anthu a kukhoti amadziwa kudikira. Ndinati, "Uwauze kuti kwathu kukumveka zoti unagwa mayeso, ndiwe mesenjala chabe. Ndimafuna ndione."

Ndinayesa ameza mawu amenewo, kapena awafewetsa. Ayi ndithu. Anawamasulira onse, limodzilimodzi, nkhope ili gwa, ngati akunena za munthu wina wa ku Mombasa.

Mayi uja anavula magalasi. Anayamba ndi Lusekero, ndipo sanamunyengerere. Kiyi wa chidindo sasiyidwa pa dirowa ngakhale mlendo akhale m'busa, ngakhale akhale agogo ako okubereka. Anatambasula dzanja, Lusekero n'kubweza kiyi uja. Pamenepo ndinati basi ndamuphera mwana wa eni ake ntchito, ndipo a Edmund ndikawayang'ana ndi maso ati. Chingerezi chinabwerera chokha.

"Madam, please. It is me. Not the child."

"Kumbe unajua Kizungu, mzee," anatero m'Chiswahili, osaseka, kutanthauza kuti kani Chingerezi ndimachidziwa.

Analemba mizere iwiri pa pepala langa lija kulipha, n'kulitsekera mu fayilo. Anaitanitsa pasipoti yanga yeniyeni, kuiyang'ana tsamba ndi tsamba, kuyang'ana nkhope yanga ngati ndaba ya munthu, n'kutuma Lusekero kukapanga fotokope ina. Anadinda yekha, n'kusaina. Chidindo chake chinapendekeka pang'ono, changa chija chinali bwino, koma ndinaona kuti si nthawi yake yonena.

Kenako anandiuza, pang'onopang'ono kuti ndimve, kuti pa zaka makumi awiri waphunzitsa ana ambiri, ndipo ambiri a iwo akanang'amba pepala lija. Anatsegula kabati, n'kutulutsa fayilo yokhala ndi dzina la Lusekero pachikuto, n'kundiika pamaso chikalata cha zotsatira za mayeso. Anati ndiwerenge ndekha, popeza Chingerezi chabwerera. Ndinawerenga ndi chala, mzere ndi mzere, kufunafuna pamene pagwa. Ndinabwerezanso kachiwiri.

Potuluka Lusekero anandiperekeza mpaka pa siteji, chifukwa analeredwa bwino. Matatu atafika anauza kondakitala kuti anditsitse pa Donholm, asandipitirize. Ndinati, "Bambo ako usawauze." Anati, "Ine sindiwauza. Muwauza nokha." Mpaka lero ndikusankha Loweruka labwino.

Arthur ndinamupeza pomwe ndinamusiya. Ndinamumenya miyendo ndi nyuzipepala kuti aitsitse pa tebulo, iye n'kudabwa kuti walakwa chiyani. Kumtima kukundiwawabe, sindinama. Ndikanakonda chikalata chija chikanakhala ndi dzina la mdzukulu wanga, ndipo a Edmund akadzayamba za mkanjo ndi chithunzi ndidzadwala mutu tsiku limenelo.

Koma za Mayi Bernadette zija n'zabodza. Lusekero sanagwe mayeso, anakhoza mapepala onse ulendo umodzi. Si mesenjala. Masabata atatu atakwana, bwana wake anasaina fomu.