Nsapato ya Kumanzere ya a Anacleto

Kwathu kuminda ya nzimbe, kumpoto kwa Brazil, wofuna ubwanamkubwa ankagawa nsapato imodziimodzi chisankho chisanachitike. Inzake inkabwera iye akapambana. Amalume anga a Anacleto, odula nzimbe, analandira ya kumanzere, yachikopa chofiirira.

Mkuluyo anapambanadi. Anamanga milatho, anakalamba, n'kumwalira ali kumzinda. Koma galimoto ya nsapato za kumanja sinafike m'mudzi mwathu.

Lamulungu likakwana, amalume ankapaka mafuta nsapato ija, n'kuivala, n'kukhala pakhonde maso ali kumsewu.

"Bambo inu," ankatero akazi awo a Zulmira, "nkhuku yanga ikusowa poikira, inu mukungosunga chisa chabwinobwino?"

"Isiye, mayi. Ndikavala n'kutsinzina, ndimaona ndikuyenda mumzinda, anthu akundivulira zipewa."

"Mukuyenda ndi mwendo umodzi?"

"Kumeneko sayang'ana pansi."

Matenda atawakulira, anandiitana. "Mwana wa mlongo wanga, mudzandiveke imeneyi. Bwanamkubwa uja sanali wabodza, ankangochedwa. Poti anatsogola, ya kumanja ndikaipeza komweko."

Tinawaika m'manda chomwecho, phazi lina lili mu nsapato yonyezimira, linalo titalisambitsa bwino, likudikira.