Tinyumba ta Mapesi Tomwe Ndinatentha

Ndinaphunzira kulemba dzina langa ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, pa benchi la m'tchalitchi chathu kuno kwa Mpama. Zimene ndikulemba panozi zanditengera masabata atatu, chifukwa dzanja limatopa msanga.

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi. Pa nthawi imene ndikunenayi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ankakonda sukulu moti ankalemba ndi khala pakhoma la khitchini, mayi ake n'kumamukalipira. Ine ndinali mkamwini pamudzi wa mkazi wanga. Alamu anga onse ankatha kuwerenga, ine ndekha ayi. Tsiku lina ife makolo anatiitana kusukulu, ndipo pomaliza aliyense ankalemba dzina lake papepala. Itafika nthawi yanga, aphunzitsi anandipaka inki kuchala chachikulu n'kundidinditsa. Mwana wanga ankaonera pawindo.

Chaka chimenecho titakolola, ana anayamba masanje monga mwa masiku onse. Ankakunkha chimanga chotsalira m'minda, n'kumanga tinyumba ta mapesi pakati pa nandolo wosakhwima. Ankagawana okha: uyu mayi, uyu bambo, uyu fisi wokuba ndiwo. Akulu sitinkapondako. Aliyense ankadziwa kuti kumasanje n'kwa ana, ndipo ukamadutsa umayang'ana kumbali, ngakhale umve akuyerekeza mmene umatsokomolera.

Masana ena ndikuchokera kodula nsungwi, ndinamva kuseka m'munda mwathu. Sindinayang'ane kumbali. Ndinaima kuseri kwa nandolo. Mwana wanga anali atakhazika anzake pamzere, iye ali mphunzitsi, kandodo kali m'manja. Mwana wa mlamu wanga anali atavala chipewa changa chakale. Anamupaka makala kuchala n'kumudinditsa patsamba la nthochi, iye akuchita kutsinzina ndi kutulutsa lilime.

“Abambo, dindani bwino, musang'ambe pepala la boma!” anatero mwana wanga, ana onse n'kugwa ndi phwete.

Zimene ndinachita ndikuzikumbukira zonse. Ndinaponya nsungwi pansi, ndinalowa. Ndinatenga chikuni pamoto umene ankaphikira maungu, n'kuyatsa kanyumba koyamba. Mapesi ouma sachedwa. Tinyumba tonse tisanu tinapsa, pamodzi ndi zidole za zitsononkho ndi kope la kusukulu la mwana wanga limene anasiya mkatimo. Anzake anathawa akulira. Iye sanathawe, sanalirenso. Anangoima, kandodo kali m'manja, akundiyang'ana. Sindinamumenye, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi mawu amenewo.

Dzuwa lisanalowe, mayi ake anandipeza ndikunola khasu kuseri kwa nkhokwe.

“Inu, mukudziwa chimene mwatentha?” anandifunsa. “Sabata yonse ino mwanayu wakhala akuyeserera. Amati akatha kuphunzitsa bambo wa kumasanje, abwere adzakuphunzitseni inu, kuti musadzadindenso chala pagulu. Mwangoona poyambira pake.”

Ndinayankha kuti mwana saseka bambo ake, n'kupitiriza kunola. Mtima unali utandiuza kale kuti ndalakwa. Koma mkamwini wopepesa mwana, alamu akumva, ndinaona ngati n'kudzivula. M'mawa mwake ndinangomutuma kuti akatunge madzi.

Kuchokera pamenepo sanapitenso kumasanje. Pakhoma la khitchini panayera. Kusukulu anayamba kujomba, anabwereza kalasi, ndipo atafika sitandade folo anati watopa nayo. Mayi ake analimbana naye. Ine sindinanene kanthu, ndipo chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti mumtima ndinapepukidwa. M'nyumba munalibenso wondiposa. Anakwatiwa akadali wamng'ono, ukwati unatha, ndipo lero amagulitsa tomato pamsika wa Namadzi. Amandilemekeza, amanditumizira sopo ndi mchere, anabwera kudzaika mayi ake. Koma chiyambire tsiku la moto lija, ine ndi iye sitinasekerepo limodzi.

Chaka chathachi amayi a m'mudzi muno anatsegula sukulu ya mkombaphala m'chisakasa cha pafupi ndi nyumba yanga. Alezi ake, atsikana awiri ongodzipereka, anagawa chisakasacho m'makona. Kwina n'kusitolo, kuli mabotolo ndi timapaketi ta mchenga. Kwina n'kuchipatala, kwina kukhitchini. Anandipempha kuti ndiziwaumbira ng'ombe ndi mafoni a dongo, popeza masiku ano ndimangokhala. Ndinadabwa kuona masanje akuchitika m'nyumba, mkulu ali pomwepo, ana osamuopa.

M'mawa wina nditabweretsa zoumba, kamtsikana kena ka mano otuluka kutsogolo kanandikoka malaya.

“Agogo, mwachedwa! Khalani pansi, sukulu yayamba kale.”

“Pepani aphunzitsi, mwendo ndi umene ukuvuta,” ndinatero, n'kukhala pamkeka.

“Zonama! Mumasewera panjira. Lembani o.”

Ndinanamizira kusadziwa. Kanapukusa mutu ngati munthu wamkulu, kanagwira dzanja langa ndi manja ake onse awiri, n'kuyendetsa chala changa pamchenga. Manja ake anali ofunda, onunkhira phala. “Mwaona? Si zovuta. Mwakhoza, agogo. Muombereni m'manja!” Ana anaomba. Ine ndinadzuka n'kutuluka, ndikupukuta m'maso. Mlezi wina ananditsatira kufunsa ngati ndadwala, ndinati ndi utsi wa kukhitchini.

Sabata yomweyo ndinalemba kalata. Pakamwa panali patandikanika zaka zonsezi, ndiye ndinaganiza kuti pepala lindithandiza. Ndidzamupatsa, ndidzachoka, adzawerenga yekha. Ndinakwera kabaza mpaka ku Namadzi, ndinamupeza akuunjika tomato pathumba.

“Abambo! Kwagwanji? Kumudzi n'kwabwino?”

“N'kwabwino, mwananga. Ndabweretsa ichi.”

Anapukuta manja pachitenje, anatambasula pepala, analiyang'ana nthawi yaitali. Milomo yake inkayenda pang'onopang'ono pamzere woyamba. Kenako anandibwezera.

“Mundiwerengere. Ine zilembo zinandithawa kalekale. Ndimangodziwa dzina langa ndi manambala.”

Sindinaganizepo zimenezo. Ndinaima pamenepo, maminibasi akuimba mahutala. Mayi wa malo oyandikana, wogulitsa usipa, anaseka.

“Iii achemwali, madalawa akufunsira kodi? Werengani mokweza, madala, timve nawo!”

“Ndi bambo anga awa, inu,” anatero mwana wanga. Mayi uja anatseka pakamwa.

Ndinawerenga. Ndinawerenga za inki, za nandolo, za chikuni, za mawu a mayi ake kuseri kwa nkhokwe. Pakati pake panabwera munthu wofuna tomato, iye anamuthira m'jumbo, anaikapo basera, n'kunena kuti, “Pitirizani.” Nditafika ponena kuti ndinakondwera atasiya sukulu, mawu anandithera. Ndinayambiranso mzere umenewo kawiri. Mawu omaliza anali akuti ndikhululukire.

Anatembenuza tomato mmodzi m'manja.

“Ndiye kuti amayi anakuuzani tsiku lomwelo?”

“Tsiku lomwelo.”

“Ine ndinkaganiza kuti simunkadziwa.” Anaika tomato uja pamulu. “Zaka zonsezi ndinkati, abambo akanadziwa chimene ndinkafuna, akanabwera kudzandiitana. Ndi zimene ndinkadziuza.”

Ndinazindikira kuti kalata yanga yamulanda chinthu chimene ankadzitonthoza nacho.

Anatenga pepalalo, analipinda kanayi, n'kulimangirira pamsonga ya chitenje. Sanalire. Anasankha tomato wabwino, anandiikira m'jumbo, n'kuitana wakabaza amene amamudziwa.

“Awa ndi abambo anga. Muziyenda nawo pang'onopang'ono, msana umawavuta.”

Nditakwera, ndinamufunsa motsitsa mawu ngati ali ndi choti andiyankhe.

“Ndamva, abambo,” anatero. “Zinazo mundipatse nthawi. Inu munatenga yanu.”

Papita miyezi isanu. Sopo ndi mchere zikubwerabe. Mawu ena sanabwere, ndipo ine sindikumufulumizitsa. Ndimangopempha Mulungu kuti masiku anga akwane kudikira.