Maso a Mzungu wa Nili

Jobeda anakwatiwa ku Dhulgram, mudzi wa kutali ndi mzinda wa Kolkata, asanagwirepo burashi. Kwawo anali alimi a mpunga, koma kuno anapeza banja la a Chitrakar, anthu ojambula nkhani pa mipukutu italiitali n'kumayenda nayo khomo ndi khomo, kuifunyulula pang'onopang'ono uku akuimba. Anthuwa ankapemphera kumzikiti ngati Asilamu ena onse, pa mipukutu pawo pali milungu ya Ahindu, ndipo palibe amene ankaona chachilendo. Ntchito ya mtengwa inali kusinja utoto: chikasu, masamba, maluwa, mwaye wa panyali, dothi loyera la pansi pa dziwe, zonse kusakaniza ndi utomoni m'zigoba za kokonati. Zala zake sizinayerenso kuyambira chaka chimenecho.

Mwamuna wake Motaleb anali ndi mawu okoma koma dzanja lolemera. Akajambula kambuku, ana ankafunsa ngati ndi mbuzi yodwala. Choncho apongozi ake aamuna, a Nosiruddin, atamuona Jobeda akujambula nsomba padothi ndi kamtengo, anang'ung'udza pang'ono n'kumuponyera burashi ya ubweya wa mbuzi.

Mpukutu umene unkadyetsa banjalo unali wa Mzungu wa Nili. Dzina lake lenileni ku Dhulgram satchula. Kale, Angerezi akulamulira, iyeyu anamanga fakitale kuseri kwa dziwe n'kumakakamiza anthu kuzula mpunga kuti abzale nili, chitsamba chotulutsa utoto wabuluu. Wokana ankalawa chikoti, ena ankatsekeredwa m'nkhokwe mpaka minda yawo itaonongeka. Nyimbo imati tsiku lina analamula kuti alime pamalo opatulika a Manasa, mulungu wamkazi, mayi wa njoka, ndipo m'mawa mwake njoka imene inabisala m'nsapato yake inamuluma n'kumupha. Anamuika kuseri kwa fakitale komweko, popanda mbale wake ndi mmodzi yemwe. Bwinjalo lilipo mpaka lero. Azimayi okatola nkhuni ankati dzuwa likaswa mtengo umamva ziboda za hatchi zikuzungulirazungulira, ngati wokwerapoyo sakuona kolowera.

Pa mpukutupo Mzunguyo anali ndi chipewa, chikoti ndi ndevu zofiira, koma maso ake anali oyera mbee, opanda kadontho kakuda pakati. Tsiku lina Jobeda, akadali mtsikana, anaganiza kuti apongozi aiwala. Anaviika burashi m'mwaye. Asanakhudze pepala, dzanja la nkhalambayo linamugwira pamkono gwa!

"Iwe mwana, ukufuna kuyenda ndi ndodo?"

A Nosiruddin, munthu wosaopa njoka kapena apolisi, ankanjenjemera ndevu.

"Diso silichokera m'chigoba cha utoto ayi. Wojambula amabwereketsa lake. Kubanja kuno tikajambula womwalira kuti aone njira, abale ake amabwera ndi mbale yamkuwa kudzaombola diso lathu. Nanga uyu abale ake ali kuti? Amuombolere ndani? Ukam'patsa, watenga basi. Agogo anga anayesa, anafa akupapasa makoma."

Jobeda sanadye tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo, akafika pa nkhope ya Mzunguyo ankayamba wakankhira chigoba cha mwaye kutali ndi phazi.

Zaka zinapita. A Nosiruddin anamwalira, Motaleb nayenso chifuwa chinam'tenga, wailesi ya kanema inalowa m'nyumba za anthu, ndipo oimba pakhomo anayamba kuthamangitsidwa ngati opemphetsa. Jobeda analera mwana wake Shefali ndi burashi yomweyo. Anajambula za katemera, za madzi osefukira, anajambula pa maambulera ndi pa maketulo ogulitsa kwa alendo. Sanali munthu wolimba mtima, tisaname. Ankaopa sitima, ankaopa agalu, ankaopa munthu aliyense wovala nsapato zotseka. Koma akagwira burashi dzanja silinkanjenjemera.

Ndiye kunabwera Indranil, wolemba mabuku wa ku Kolkata, wamagalasi, waulemu mpaka kutopetsa. Anali atawerenga mbiri ya nthawi ya nili, ndipo ankafuna buku la zithunzi, lija anthu amalankhula mawu akuoneka akutuluka m'kamwa mwawo, losakaniza mbiriyo ndi nyimbo ya Manasa.

"Azakhali, nkhani ndilemba ine, koma zithunzi zikhale za dzanja lanu. Tsamba lililonse tiligawa timabokosi."

"Ndiye mukufuna ndidule mpukutu ngati nsomba ya pamsika? Nanga woimba akhala ndani?"

"Wowerenga aziimba yekha mumtima."

"Anthu a ku Kolkata inu! Mwayamba kuimba osatsegula pakamwa?"

Anapempha kuti akamuonetse bwinja. Jobeda anam'perekeza mpaka pa dziwe n'kumulozera ndi chibwano. Indranil analowa yekha, akujambula njerwa ndi foni, ndipo anabwerako akuseka, thalauza litadzaza zisoso, akuti waonako abuluzi okha. Jobeda anamuuza asambe mapazi asanakwere pakhonde.

Komabe ntchito anaivomera, ndipo anajambula dzinja lonse. Inamukomera, ngakhale pakamwa ankaidandaula. M'timabokosimo ankatha kuonetsa phazi lokha likulowa m'nsapato, kenako tsamba lotsatira pakamwa pokha pakukuwa, zimene pa mpukutu sizitheka. Nkhope ya Mzunguyo inatuluka kambirimbiri, ina yodzaza tsamba lonse, maso oyera mbee monga mwa masiku onse. Za masowo sanamuuze Indranil. Amuuzirenji? Ku Dhulgram ngakhale mwana woyamwa amadziwa.

Bukulo linafika pa positi m'nyengo yozizira. Shefali, amene anali atabwera kudzacheza kuchokera kubanja kwake, anang'amba phukusi anthu oyandikana nawo atadzaza pakhonde. Anakuwa ndi chimwemwe poona dzina la amayi ake pachikuto. Anatsegula, chimwemwe chija n'kuthera pomwepo. Mayi wina anasuzumira, anakoka mwana wake n'kuchoka osatsanzika. Ena onse anatsatira.

Jobeda analandira bukulo. Mzungu wa Nili anali pahatchi, akumuyang'ana tong'o. M'diso lililonse munali kadontho kakuda, kozungulira bwino kuposa kamene dzanja la munthu lingajambule. Anatembenuza tsamba, akumuyang'ana. Tsamba lina, akumuyang'anabe. Bukulo linagwera m'chigoba cha chikasu.

"Mayo ine! Ndani wandipha?"

Shefali anamuimbira foni Indranil n'kupatsa amayi ake.

"Azakhali, mwaliona? Latuluka bwino, eti?"

"Maso aja waika ndani?"

"Maso? Oo, aja! Wokonza masamba pakompyuta anaona kuti anthu onse ali ndi maso kupatula mmodzi, ndiye anaganiza kuti munadumpha. Anangomalizitsa. Kodi talakwa?"

"Dzina la pachikuto ndi la ndani, lake kapena langa?"

"Lanu, azakhali."

"Ndiye diso ndi langa."

Indranil atamva zonse anapepesa mpaka foni inatentha. Anati akadzasindikizanso adzachotsa. Akadzasindikizanso! Nyumba ikupsa lero, wina n'kumakulonjeza madzi a chaka chamawa.

M'mawa mwake Jobeda anaphimba diso lamanja ndi chikhatho n'kuyang'ana mtengo wa mango wa pabwalo. Unaoneka ngati uli kuseri kwa utsi. Shefali analumbira kuti zimenezo zinayamba kalekale, kuti chaka chatha amayi ake ankavutika kale kulowetsa ulusi m'singano. Jobeda sanamve n'komwe. Anali ndi mantha amene sanakhalepo nawo chibadwire. Anasiya kudutsa njira ya kudziwe. Masana akamva ngolo ikubwera ankasiya burashi n'kutchera khutu, kuti adziwe ngati ndi ng'ombe kapena hatchi. Wopanda maso angajambule chiyani? Adye chiyani? Ndipo m'mawa uliwonse utsi uja unkachuluka.

Indranil anabwera yekha, atanyamula mbale yamkuwa yatsopano, yowala. Anagwada n'kuiika pamapazi pake.

"Azakhali, ndabwera kudzaombola."

"Ndinu mbale wake inu?"

"Ayi, koma..."

"Agogo anu sanali kumbali yolawa chikoti? Nyamulani mbale yanu, bambo. Mwachita ulemu, koma iyeyo sakudziwani."

Atamva kuti mabukuwo akagulitsidwa ku chionetsero cha mabuku ku Kolkata, Jobeda anasinja dothi loyera, analithira m'kabotolo, n'kuuza Shefali kuti akakwere sitima. Munthu woopa sitima uja! Ulendo wonse anatsinzina, kabotolo atakapanira pachifuwa.

Ku chionetseroko kunali anthu ngati nyerere, fumbi, fungo la nsomba zokazinga. Indranil anawalandira ndi tiyi, koma Jobeda sanamwe. Anakhala pansi kuseri kwa mulu wa mabuku, anatsegula loyamba, ndipo mopewa kuyang'anizana nayo nkhopeyo anadontheza choyera pa diso ili, pa diso ilo. Tsamba lotsatira chimodzimodzi. Ankauzira kuti ziume. Wogulitsa mabukuwo anafuna kukuwa kuti katundu akuonongeka, koma Indranil anam'gwira phewa.

Ndiye taonani anthu a m'tauni! Wina ataona anati wojambula akusaina ndi utoto. Posakhalitsa mzere unafika kwa ogulitsa tiyi, ndipo ena amene anagula kale anabwerera nawo mabuku awo. Ankam'jambula ndi mafoni, kumuuza amwetulire. Amwetulire! Jobeda ankangolanda buku, kuchititsa khungu, kubweza, kulanda lina. Msana unkawawa, diso lamanja likutuluka misozi, koma mulu unkatsika, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire phukusi lija anayamba kupuma bwino.

Atatseka lomaliza anafunsa, "Atha?"

Indranil anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Akuno atha, azakhali. Koma pali makatoni ena. Anapita pa ndege mwezi watha. Masitolo a ku Mangalande anaitanitsa."

"Ndi maso?"

"Ndi maso."

"Kwawo kwa iyeyo?"

"Eya, kwawo."

Burashi inadonthera pa nsalu ya Jobeda, iye osaona n'komwe. Shefali anaganiza kuti akomoka, anayamba kum'kupiza ndi buku. Koma iye ankaganiza zina. Zaka zonsezi, makolo ndi makolo, anali akum'mana maso munthu uja. Nanga wosaona akanapita bwanji kwawo? Tsopano waona njira, wapita. Wapita ndi diso lamanzere la Jobeda.

Anabwerera ku Dhulgram. Pofika nyengo ya mango diso lamanzere linali litayera ngati mkaka. Lamanja linatsala, ndipo ankajambulira limenelo, mutu ataupendeketsa ngati nkhuku yoona kabawi. Njira ya kudziwe anayambiranso kuidutsa. Indranil, mtima ukumuwawabe, anatumiza galimoto kuti im'tengere kwa dokotala wa maso, ndipo Jobeda analola kukwera chifukwa Shefali analira.

Dokotalayo anali mayi wofatsa. Anaunika m'disomo ndi katochi, n'kumwetulira.

"Mayi, ndi ng'ala chabe iyi, ya ukalamba. Tiichotsa, mawa lake muziona ngati mtsikana."

"Diso lomweli libwerera?"

"Lomweli."

Shefali anaomba m'manja. Koma potembenuka anapeza amayi ake atatsika kale pampando, akufunafuna masilipasi ndi phazi, nkhope itatuwa.

"Amayi, mukupita kuti? Simunamve? Muonanso!"

"Ndamva. Nanga likabwerera kwa ine, iyeyo aona ndi chiyani?" Anatsitsa mawu, ngati wina akumvetsera kuseri kwa chitseko. "Pano ali kwawo, wakhala phee. Mukam'landa abwera kudzalifuna, ndipo njira waiona kale. Akabwera sadzatenga limodzi."

"Amayi, ndi nthano zimenezo!"

"Nthano yomweyo ndi imene inakulera iwe. Tiye."

Dokotala anayesa kum'khazika pansi, anam'fotokozera ndi chithunzi cha diso cha pakhoma. Jobeda anayamikira kuti chajambulidwa bwino, n'kutuluka. Sanabwererekonso. Shefali akabwera kudzacheza amayambitsa nkhaniyo, amakalipa, amalira, ndipo amayi ake amangomuuza asunthe pang'ono, akutchinga kuwala.

Akujambulabe mpaka lero, pakhonde pomwepo. Diso lamanja nalonso layamba utsi pang'ono m'mbali. Sanauze munthu.