Diresi lachikasu m'madzi a fodya

Masiku a nkhondo aja, kwathu ku Ngauma chinthu chatsopano chinali mlandu. Anthu a mfuti a m'tchire akafika pamudzi ankalowa m'nyumba n'kupisa chala mu ndiwo. Akalawa mchere, basi, ndiye kuti iwe umapita kutauni kukawaneneza kwa asilikali a boma. Sopo chimodzimodzi, nsalu yowala chimodzimodzi. Ena ankangomenyedwa, ena ankasenzetsedwa katundu osabwereranso. Choncho tinkakhala ndi nsanza zathu mwadala.

Ndiye taganizani, tsiku lina masana tikusoka fodya pachigafa, tinangoona gulu la achinyamata likutulukira panjira ya ku Mandimba, mitolo pamutu, likuimba nyimbo za Mulungu. Kuimba! Ife atambala tinali titadya kale kuti asamatiulule. Akatekista athu anati awa ndi ana a mpingo a ku Cuamba, afika ku Mandimba pa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kwinaku ayenda pansi, abwera kudzathandiza ana athu. Ine ndinati, "Bambo, anthu akuthawa kuno, iwo akubwera kuno. Mwafunsa bwino amene wawatuma?" Anandiyankha kuti pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Ndinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Bambo ake anali atawolokera ku Malawi kukafuna ganyu, osamvekanso. Mwanayo ndiye anali chuma changa chonse, ndipo aliyense womuyang'ana kawiri ndinkamuyang'ana katatu.

Zoona ndinene, alendowo ntchito anagwira. Ankagona m'kapela, m'mawa n'kuphikira ana phala, kufolera nyumba za amayi amasiye, kukonza chitsime. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Panali mtsikana wina wamtali, wowonda, amene sankaimba nawo. Anzake akamawomba m'manja, iye maso ali kunjira, kuphiri, kumakomo athu. Chinyanja chake chinkamveka Chimakuwa, koma ogulitsa nsomba atadutsa ndinamumva akucheza nawo m'Chiyao chosalala. Munthu womva zilankhulo zonse amamva ndi zosamukhudza zomwe. Tsiku lina anandifunsa kuchitsime, "Mayi, dzuwa likalowa mumagona m'nyumba kapena kumunda?" Ndinati, "Mwafunsiranji, mukufuna kudzandifunditsa?" Sanaseke, anangoyang'ana mwana wanga. Ndinanyamula mtsuko usanadzaze.

Atatsala pang'ono kubwerera kwawo anamasula mitolo ija pabwalo la kapela. Zovala za ana, mayo ine, zofiira, zobiriwira, zina zamaluwa. Ana anakuwa ndi chimwemwe, ife amayi tinangoyang'anana. Mtsogoleri wawo, mnyamata wa mtima wabwino koma wosadziwa kanthu, anayesa kuti tikuchita manyazi, nayamba kuveka ana yekha. Wanga anamuveka diresi lachikasu la mabatani oyera. Mwana anazungulira, nazunguliranso, akuseka ndi m'kamwa mwake mopanda mano muja. Chibadwire anali asanavalepo chinthu chosang'ambika. Ine ndinayang'ana kutchire, chifukwa diresi limenelo munthu akanaliona ali kutsidya kwa dambo.

Amayi ena anabweza zovalazo, mtsogoleri uja nakhumudwa, nati anthu a kuno sayamika. Ena anazitenga mwakachetechete kukazinyika m'madzi a fodya ndi matope, monga tinkachitira ndi nsalu iliyonse yochokera kutauni kuti ioneke yakale. Nanenso ndinkadziwa chochita. Koma nditauza mwana kuti avule, anagwira diresi ndi manja onse awiri n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinatola kamtengo, koma dzanja linakana. Ndinakhala pakhonde, mtima ukuwawa, ndikutukwana anthu obweretsa mphatso osafunsa eni mudzi.

Ndili pomwepo ndinangomva, "Odi, mayi." Anali mtsikana wamtali uja. Anati, "Muli ndi zinyenyeswa za fodya?" Ndinamulozera ndi mlomo pachigafa, ndikudabwa kuti wa ku Cuamba nzeru yathuyi waidziwira kuti. Anafinya fodya m'phale la madzi mpaka anada bii, nathiramo phulusa ndi dothi. Kenaka anaitana mwana ndi mawu okoma, "Bwera, mng'ono wanga, batani lakumbuyo lamasuka, ndikukonzere." Mwana anapita, poti ankamukhulupirira kuposa ine tsiku limenelo. Diresi litangovuka, mtsikanayo analiviika m'phale.

Kulira kumene analira mwana wanga sindidzakuiwala. Anamumenya ndi tizibakera, anamuluma pamkono, anamutchula mfiti. Iye osatembenuka n'komwe. Anadula mabatani ndi mano, anakwecha nsalu pamwala mpaka inayamba kuyoyoka, nang'amba paphewa. Ndinati, "Basi, zakwana!" Koma anatembenuza diresi kunja kukhala mkati, natola munga, nayamba kusasula ulusi wa m'mphepete, pang'onopang'ono, akupaka matope paliponse pamene wasasula. Anatenga nthawi mpaka ine ndinaipidwa. Mumtima ndinati uyu nkhanza zikumukomera. Atamaliza analiyanika padenga la khola, nati, "Tsalani bwino, mayi."

M'mawa mwake ananyamuka onse, akuimbanso. Mwana anakana chinsanzacho, koma chake chakale chinali chitatheratu, choncho anavala akusisima.

Sipanapite nthawi, a m'tchire anafika dzuwa lili paliwombo. Anali ataona mapazi a nsapato panjira. Anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kapela, wamkulu wawo nafunsa kuti kunabwera ndani. Akatekista anati anali anthu opemphera basi. Iye anati, "Opemphera sabwera chimanjamanja. Ana onse aime apa."

Anayamba kuwayendera mmodzimmodzi. Sankayang'ana pamwamba pa chovala ayi. Ankapinda kolala, n'kutembenuza m'mphepete mwa nsalu, n'kuboola msoko ndi nsonga ya mpeni. Apo m'pamene ndinazindikira kuti madzi a fodya salowa mkati mwa msoko. Ife tonse sitinkadziwa zimenezo. Mayi wina woyandikana nane anali atanyika yekha malaya a mwana wake, ndipo kunja anali oderako bwinobwino. Mpeni utatsegula kolala, mkati munali mobiriwira ngati tsamba la chimanga. Anamuuza mayiyo kuti aime pambali.

Anafika pa wanga. Ine ndinagwira mtengo wa mango uja. Anatembenuza m'mphepete, anapeza mosasuka kale, moda ngati kunja. Anayang'ana m'khwapa, anayang'ana m'khosi, ananunkhiza. Fodya, ndipo kwathu aliyense ankanunkha fodya. Anamukankha pamutu nati, "Choka ndi nsanza zakozi." Mwana anathamangira kwa ine n'kubisa nkhope mu kapulana yanga, chitenje chimene ndinavala, ndipo ndinamufinya mpaka anati ndikumupweteka.

Mayi woyandikana nane uja anamusenzetsa thumba la chimanga n'kupita naye. Mwana wake tinalera ife a pamudzi.

Wanga anakula, ali ndi ana akeake ku Mandimba. Koma za mtsikana uja mtima wanga sunakhazikike mpaka lero. Munthu sadziwa za msoko pongomva m'kapela. Anaimapo pamzere ngati umene uja, zimenezo sindikayika. Chimene sindidziwa n'chakuti anaima pakati pa osechedwa kapena anali mbali ya ogwira mpeni.