Wotchi ya Sitima ya Asodzi

Inali yolemera kuposa mmene inkaonekera. Ukaiika pachikhatho inkazizira kaye, kenako n'kutenga kutentha kwa dzanja lako. Inali wotchi ya m'thumba, yasiliva, ya chivindikiro chimene chinkatseguka ukadina kamutu kake ndi chala chachikulu. Pachivindikiropo mmisiri wina anazokotapo sitima ya asodzi ikukwera funde, ndi timbalame titatu tating'ono ngati njere za mpunga. M'kati mwake munali mawu a Chingerezi a zilembo zopendekeka, onena kuti asodzi a m'sitimayo apereka wotchiyi kwa woyendetsa wawo chifukwa anawabweza kwawo amoyo namondwe atawapeza panyanja.

Mwini wake anali amalume, mlongo wawo wa mayi anga. Mawotchi oterewa anali nawo khumi ndi anayi, ndipo ankawasunga m'chitini cha mabisiketi choyalamo kachidutswa ka chitenje. Tinkakhala ku Hull, mzinda wa padoko ku Mangalande, m'nyumba za njerwa zofiira zolumikizana mzere umodzi, mmene ukatsokomola oyandikana nawo amamva. Ine ndinali ndi zaka khumi, zitatu mwa izo ndili kunjako. Mayi anali namwino kunyumba yosamalirako okalamba. Amalume anabwera kudzaphunzira za makina, koma ntchito imene anaipeza inali yonyamula makatoni kunyumba yosungirako katundu pafupi ndi doko.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, iwo ankakwera basi kupita kumsika kumene azungu amagulitsa zinthu zakale kumbuyo kwa magalimoto awo. Ankabwerako zala zitauma ndi chisanu, nthawi zambiri chimanjamanja, nthawi zina ndi wotchi yakuda bii yosayenda. Ankaitsegula patebulo la kukhitchini, kagalasi kali padiso, nyumba yonse n'kumanunkha mankhwala opukutira siliva. Sankagula wotchi yopanda zozokota. Ina inali ndi mahatchi olima, ina maluwa ozungulira dzina la mkazi, ina inapatsidwa kwa munthu amene anagwira ntchito pa njanji moyo wake wonse.

Mayi sankazikonda. "Achimwene, anzanu akugula malo kumudzi, inu mukugula mawotchi a anthu akufa."

"Adzukulu awo anawataya, achemwali," ankayankha choncho osadzutsa mutu. "Ine ndangowatola."

Inali nyengo yozizira, ija dzuwa limalowa ana asanafike kunyumba pochokera kusukulu. Aphunzitsi athu, mayi wachizungu wa magalasi olendewera pachingwe, anatiuza kuti aliyense abweretse chinthu chofotokoza mbiri ya mzinda wathu. Anzanga anayamba kutchula zithunzi za agogo awo ali padoko, zipewa za asodzi, mamendulo a kunkhondo. Mnyamata wina anatembenuka n'kundiuza kuti ine ndibweretse mkondo, poti mumzindamu ndilibemo agogo. Kalasi inaseka. Aphunzitsi anamva, koma anangogogoda patebulo kuti tikhale chete.

Tsiku litafika ndinadikira kuti amalume atuluke, ndinatsegula chitini, n'kukulunga wotchi ya sitima ija musokosi. Sindinapemphe. Ndinkadziwa kuti akana. Lero ndikuvomera kuti apa ndinalakwa, koma ndikanabwerera ku m'mawa umenewo ndikanaitengabe.

Nthawi yanga itakwana ndinaimirira kutsogolo, ndinadina kamutu, chivindikiro n'kutseguka. M'kalasi munati zii, moti a pa mzere woyamba ankamva wotchi ikugunda. Ndinali nditangowerenga mawu awiri oyamba pamene aphunzitsi anatambasula dzanja.

"Ndione."

Anaitembenuza, anavala magalasi, anawerenga okha chamumtima. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Waitenga kuti?"

"Ndi ya amalume anga."

"Amalume ako anali asodzi a kuno?" Ena anaseka. Aphunzitsi anatsitsa mawu, koma osati mokwanira. "Mayi ako amagwira ntchito kwa okalamba, si choncho?"

Ndinali mwana, koma funso limenelo ndinalimva bwino lomwe. Nkhope inanditentha. Aphunzitsi anaika wotchi m'dirowa, anakiya, n'kunena kuti nkhaniyi aitengera kwa ahedi, ine ndikakhale pansi.

Sindinakhale. Ndinaima pomwepo pafupi ndi tebulo lawo. Anandiuza kachiwiri, kachitatu. Ndinati ndikhala akandibwezera wotchi. Mtsikana wotsatira anabwera ndi chithunzi cha agogo ake, n'kumalankhula ine ndili chiimire pambali pake ngati mtengo. Belu la chakudya linalira, anzanga anatuluka, ine osasuntha. Ndinkafuna kupita kuchimbudzi koopsa, koma ndinkaona kuti ndikangochoka pa dirowayo ndiye kuti ndavomera kuti mayi anga ndi akuba.

Ahedi anabwera okha. Anali bambo aulemu, ndipo anagwada kuti tiyang'anane maso. Anati palibe amene akunena kuti wina waba, akungofuna kutsimikiza, mwina aimbira foni kuntchito kwa mayi kuti afunse ngati pali wokalamba amene wataya wotchi. Anati ndipepese kwa aphunzitsi chifukwa chosamvera, zonse zitha. Ndinawayankha m'Chichewa, dala, chilankhulo chimene ndinali ndisanalankhulepo pasukulupo: "Sindipepesa." Sanamve mawuwo, koma tanthauzo analimva. Anaimbira mayi.

Apa m'pamene mantha anandigwira. Mayi anga ndinkawadziwa. Anali munthu wopepesa. Ankapepesa munthu akawaponda phazi m'basi. Ankapepesa kwa wogulitsa m'sitolo akawapatsa chinthu cholakwika. Ankandiuza kawirikawiri kuti, "Kuno ndi kwa eni, uziyenda mutu uli pansi." Ndinkadziwa kuti abwera, andigwira khutu, tipepesa tonse awiri.

Anafika ndi amalume. Mayi anali mu yunifolomu yawo ya buluu, jekete lonyowa ndi mvula pamwamba. Amalume anali ndi chovala chawo chachikasu cha kuntchito. Nditawafotokozera mwachidule zimene zinachitika, tinalowa mu ofesi ya ahedi, aphunzitsi ali momwemo, wotchi ili patebulo pakati pathu.

Amalume ndi amene anayamba. Sanandiyang'ane n'komwe. Anati wotchiyo ndi yawo, ndipo anandipatsa okha kuti ndikaonetse anzanga. Linali bodza, ndipo analinena mosaphethira. Anafotokoza kuti anaigula kumsika kwa mnyamata amene ankagulitsa katundu wa malemu agogo ake, ili m'katoni limodzi ndi masupuni ndi mabatani, itachita dzimbiri m'kati. Zinawatengera milungu isanu kuti iyambenso kuyenda. Ahedi anafunsa ngati ali ndi pepala losonyeza kuti anagula. Amalume anaseka pang'ono.

"Ana ena aja abwera ndi mamendulo. Mwawafunsa mapepala?"

Kenako mayi anakoka mpando, anakhala, anatulutsa cholembera m'thumba la yunifolomu, n'kuchiika patsogolo pa aphunzitsi. Analankhula Chingerezi chodekha, chija ankalankhula ndi madokotala.

"Mwana wanga akuti munatchula ntchito yanga pamaso pa kalasi. Lembani apa zimene mumatanthauza, musainire. Mukatero imbani foni kuntchito kwanga, nambala ndikupatsani ndine."

Aphunzitsi anafiira mpaka m'khosi. Anati sanatanthauze choipa, mwina mwana sanamve bwino. Mayi sanachotse cholembera. Anangokhala, manja ali pamiyendo, akuwayang'ana.  Ahedi ndi amene anakankhira wotchi kwa amalume, n'kunena kuti pakhala kusamvetsetsana, nkhani yatha.

"Sinathe," anatero mayi. "Ana onse alankhula. Wanga sanamalize."

Motero masana omwewo ndinaimanso kutsogolo kwa kalasi, mayi ndi amalume ataima kumbuyo pafupi ndi zopachikapo majekete. Ndinawerenga mawu onse a m'chivindikiro mokweza. Ndinawauza kuti woyendetsa sitima ameneyu anapulumutsa anzake panyanja, kuti wotchi yake inatayidwa pamodzi ndi masupuni, ndipo kuti amene amaipukuta sabata iliyonse ndi amalume anga a ku Chilomoni. Mnyamata wa mkondo uja anapempha kuti aigwireko. Ndinamukaniza.

Amalume anabwerera kuntchito wotchi ili m'thumba. Pachipata anandinong'oneza kuti nkhani ya chitini tikambirana, ndipo tinakambiranadi: mpaka chisanu chinatha, m'mawa uliwonse ndisanadye ndinkapukusa mawotchi onse khumi ndi anayi kuti aziyenda, iwo ataima pambali. Chinali chilango, koma ndi mmene ndinaphunzirira kutsegula chivindikiro popanda kuchikanda. Lero ndili ndi anga asanu ndi awiri, onse ozokota.

Ine ndi mayi tinakwera basi. Ndinali wonyada moti ndinkalephera kukhazikika pampando. Ndinkafuna tikambe za nkhope ya aphunzitsi, tiseke. Mayi ankayang'ana pawindo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Tisanafike pa siteji yathu anadina belu, anandikoka dzanja, tinatsika. Anakhala pakakhoma ka njerwa kutsogolo kwa nyumba ya munthu wosamudziwa, mvula ikuwaza, n'kuyamba kupuma mofulumira ngati athamanga mtunda wautali. Manja awo ankanjenjemera moti analephera kumanga zipi ya jekete. Ndinawamangira ndine.

"Mwakwiya nane?"

Anapukusa mutu. "Unaima nthawi yonseyo?"

"Eya."

"Osadya?"

"Osadya."

Anandigwira tsaya ndi dzanja lozizira, ndipo tinayenda wapansi mpaka kunyumba.

Ndinaganiza kuti ndi chisanu, kapena kutopa kwa ntchito. Panapita zaka zambiri ndisanadziwe kuti mwezi umenewo mapepala athu okhalira m'dzikomo anali ku boma kudikira yankho, ndipo kuti ankadalira ntchito ya mayi. Foni imodzi yofunsa za wotchi ya wokalamba ikanatha kuwaimitsa ntchito mpaka afufuze, ndipo kufufuzako kukanatha ife titapakira kale masutikesi obwerera kwathu. Mayi ankadziwa zonsezi pamene ankaika cholembera patebulo paja. Ine ndinkangoona kuti tapambana, ndipo njira yonse ndinkadabwa kuti munthu wopambana akunjenjemereranji.