Madzi m'Botolo la Amalume

Ndinali ndi zaka khumi, mutu waukulu ngati dzungu koma m'kati mulibe kanthu, pamene amayi anandipatsa udindo wolondera amalume anga. Amalumewo anali chimphona, ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri la Mulanje kutsikira nawo ku Likhubula. Koma chibwerere kunkhondo ya ku Burma, mitambo ikangoda, ankathamangira kabotolo ka kachasu kamene sikankachoka m'thumba mwawo. Kapitawo anali atanena kuti akadzangomvanso fungo, ntchito yatha.

M'mawa wina amayi anakhuthula kachasuyo mobisa n'kuthiramo madzi. "Uwatsatire," anandiuza, "asapatukire kwa aliyense." Ndinanyamuka monyada ngati mesenjala wa kwa DC.

Masana tikutsika, amalume patsogolo, thabwa lili pankhata, fungo la mkungudza likununkhira njira yonse, phiri linasintha nkhope. Nkhungu inameza nsonga, mphepo inazizira. Amalume anatula thabwa, anatsegula botolo, anamwa kamodzi, n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Anangoti, "Mlongo wanga wandipha."

Kenaka bingu linang'amba thambo, miyala yonse n'kuliyankha. Ndisanadziwe chochitika ndinali pansi, amalume atandifungatira ndi thupi lawo lonse.

"Gona, Jemusi! Usadzutse mutu, akutiona!"

Ine si Jemusi. Ndinamva mtima wawo ukugunda pamsana panga ngati mtondo, munthu wosenza thabwa la anthu awiri akunjenjemera ngati mwanapiye.

Anzawo atatu anatipeza choncho. Ndinkati aseka. M'malo mwake anatula matabwa awo, anawatsamiritsa pathanthwe kukhala kadenga, n'kukhala pansi motizungulira. Wamkulu wa iwo anagwira phewa la amalume nayamba nyimbo ya Chilomwe imene ankachekera matabwa, enawo akuvomera. Bingu likagunda, iwo ankakweza mawu. Pang'onopang'ono manja a amalume anamasuka, mpaka nawonso anayamba kuvomera chapansipansi.

Mvula itakata anandipukuta matope kumaso. "Mphwanga, kachasu sindimukonda ayi. Amangowatseka pakamwa anthu a m'mutumu. Koma kachasuyo akatha mphamvu, anthuwo amabwera ochuluka." Jemusi, anandiuza, anali mnzawo amene anatsala kunkhondoko.

Sanasiye kumwa tsiku lomwelo, ndisaname. Koma kuyambira pamenepo anzawo aja sankawalola kutsika okha kukachita mitambo, ndipo ntchito sinawathere.

Ine kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, pa nyuzi zokulungira fodya, ndipo ndakalamba ndikufufuza m'mabuku dzina la nthenda ya amalume, mpaka maso atha. Mayina ndawapeza, ataliatali, ena lilime langa limawakana. Ndaphunziranso kuti masiku ano achipatala amathandiza. Koma ndikaona munthu akukakamira botolo, sindifulumira kufunsa kuti amamweranji chonchi. Ndimayamba ndadzifunsa kuti kodi akumva bingu lanji limene ine sindikulimva, ndipo ndani akhale naye pansi mpaka lidutse.