Belu Lomwe Linkasungunula Mizinda

Chaka chimene ndinalemba mayeso omaliza a ku sekondale ndinakhala kwa akulu anga ku komboni ya Kanyama podikira zotsatira. Ndinapitako chifukwa cha maliro, ndipo maliro atatha amayi anati ndisabwerere nawo ku Matero. "Tsala nawo," anatero. "Nyumba yawakulira." Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri zokha, koma ndinamva chimene amayi ankatanthauza.

Mwana amene anamwalirayo anali wa akulu angawo, mtsikana mmodzi yekhayo, wongoyamba kumene sukulu ya mkaka. Kolera inamutenga mvula itangolimba. Anayamba kudwala m'mawa, tsiku lotsatira anali atapita. Sitinaloledwe ngakhale kumusambitsa.

Mvula inangopitiriza. Pansi pa Kanyama ndi mwala wokhawokha, madzi alibe kolowera, ndiye amangokhala. M'mawa ndikatsegula chitseko ndinkapeza thambo lili pansi, mitambo ikuyenda pakati pa nyumba za anthu, mipanda ndi zimbudzi zikuoneka ngati zikuyandama. Anthu ankadutsa pa njerwa zondandalikidwa m'madzi atatambasula manja ngati akufuna kuuluka. Panali botolo lina lapulasitiki lobiriwira lomwe linkadutsa pakhomo pathu pang'onopang'ono m'mawa, mphepo ikatembenuka masana n'kubwereranso. Atombolombo ankatera pa chingwe choyanikira zovala. Masiku ankafanana kwambiri moti Lamulungu ndinkalizindikira ndikamva kwaya.

Alamu anga, amuna a akulu angawo, anakulira ku Kitwe. Anali owotcherera zitsulo, ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu waukulu. Kale anali munthu wa nthabwala, wosatha kudya popanda kuseketsa wina. Maliro atatha ankadzuka, kuvala majombo awo ngati akupita kuntchito, n'kukhala pa kampando pafupi ndi chitseko mpaka dzuwa kupendeka. Akulu anga ankachapa zovala zochapidwa kale. M'nyumbamo munalibe wotchula dzina la mwana. Ine ndemwe ndinkaopa kulitchula.

Ndinali ndi laputopu yakale imene msuweni wanga anandisiyira. Magetsi ankazimazima, choncho m'mawa ndinkapita nayo kukatchajitsa ku shopu yometera tsitsi yomwe inali ndi sola, ndipo wometayo ndi amene anandiikiramo makatuni a ku Japan, aja timawatcha anime. Anandisankhira amene anzanga onse ankawakamba chaka chimenecho. Masana ntchito zikatha ndinkakhala pamphasa, laputopu pa ndowa yovundikira, n'kumaonera mawu nditatsitsa.

Nkhani yake inali ya achinyamata amene ankasakasaka munthu wina woopsa. Munthuyo anali wamtali, tsitsi loyera, maso otopa ngati a munthu amene wayenda ulendo wautali wa pa basi. Kulikonse kumene ankapita, belu lalikulu linkamutsatira likulendewera m'mitambo. Akafika pamzinda ankakweza dzanja, belu n'kulira kamodzi, mzinda wonse n'kusungunuka ngati shuga mu tiyi. Panalibe moto, panalibe kukuwa. Nsanja, misika, anthu ndi agalu awo, zonse zinkasanduka fumbi lowala n'kukwera kumwamba mwakachetechete.

Sindinadziwe kuti alamu ankaonera nawo mpaka tsiku lina atalankhula kumbuyo kwanga.

"Iwe mulamu, akamba chani uyu wa belu?"

Ndinadzidzimuka, chifukwa panali patapita nthawi ndisanamve mawu awo akufunsa kanthu. Anthu a m'makatuniwo ankalankhula Chijapani, Chingerezi chikulembedwa pansi, ndipo chinkathamanga kuposa mmene alamu ankawerengera. Ndinawauza kuti wanena kuti mzinda wotsatira ndi wa kunyanja.

"Wamulakwira chani?"

"Sananene, ba mulamu."

"Azakamba," anatero, n'kukokera kampando kawo pafupi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala womasulira. Ndinkaimitsa, kuwauza zimene zanenedwa, n'kupitiriza. Achinyamata aja akamakangana kapena kulumbira kuti apulumutsa dziko, alamu ankayang'ana panja. Koma wa belu akangotulukira, ankawerama, zigongono pa mawondo. Kuwala kwa madzi a panja kunkalowa pakhomo n'kumavina pa malata pamwamba pathu, ndipo nthawi zina ndinkaona ngati nayonso nyumba yathu ili m'katunimo, ikuyandama kupita kumzinda wotsatira.

Kenako inafika ndime imene inationetsa kumene munthuyo anachokera. Anali mmisiri woumba mabelu kudera la amphawi, kumunsi kwa mzinda waukulu. Alamu ataona mmene ankathirira chitsulo chosungunuka mu chikombole anagwedeza mutu. "Uyu adziwa nchito," anatero. Mmisiriyo anali ndi mwana wamkazi. Mwanayo anadwala pa nthawi ya chikondwerero, zipata za kumtunda kumene kunali madokotala zili zotseka, ndipo anafera kumsana kwa bambo ake akugogoda pa chipata. Ine ndinaganiza kuti chifukwa chake ndi chimenecho, kuti akubwezera amene anamutsekera. Koma sichinali chimenecho. M'mawa mwake mmisiriyo anatuluka m'nyumba n'kupeza msika watsegulidwa. Mayi wina ankanenerera mtengo wa nsomba. Ana ankathamangitsana. Ndipo pa nsanja ya mzinda, belu limene iye mwini anaumba linalira kudzutsa anthu monga mwa masiku onse.

Ndinaimitsa kuti ndimasulire mawu ake. Alamu anandiyang'ana, akudikira.

"Akuti mwana wake wamwalira, koma dziko silinaime ngakhale pang'ono. Ndiye akuti aliimitsa yekha."

"Bwezako."

Ndinabwezera. Anaoneranso msika uja, mayi wa nsomba uja, osaphethira. Atatha anayamba kulankhula akuyang'ana madzi.

"Siku ija pochoka kuchipatala, tinafika pa msewu. Mabasi yenze kuyenda che. Kondakitala akuitana banthu, wailesi ilila nyimbo zovina. Mudala wina enze kudya chimanga chootcha, anione, ati, 'Bosi, geti yanga isila liti?' Mulamu, nenze kufuna msewu onse ung'ambike, timile tonse. Tonse, na ine."

Ndinachita mantha. Munthu amene ankandibereka pa njinga ndili mwana, amene ankatigulira maswiti akamabwera kudzafunsira akulu anga, ankalankhula ngati wa belu uja. Ndinati, "Koma ba mulamu, uyu wapha ana a anthu ena. Ambirimbiri."

"Adziwa," anayankha, akuloza maso a mmisiri uja pa laputopu. "Ona menso yake. Uganiza agona uyu?"

Masiku otsatira ndinkawayang'anitsitsa. Akatuluka kupita kuchimbudzi ndinkaima pawindo mpaka abwere. Ndinaganizapo zonena kuti laputopu yawonongeka, koma masana akafika iwo ndi amene ankavundikira ndowa ija n'kundiitana. Ndinaonanso kuti akulu anga asiya kuchapira kuseri. Ankachapira pakhonde, pafupi ndi chitseko, msana atatilozetsa, ndipo ndikamamasulira manja awo ankaima m'beseni.

Ndinkalota belulo. Linkabwera pamwamba pa Kanyama masana dzuwa likuwala, chithunzi chake chili m'madzi, anthu ataima pa njerwa zawo akuliyang'ana. Silinkalira. Ndinkadzuka lisanalire, n'kumva achule okha.

Ndime yomaliza tinaionera tsiku lina kutacha bwino, kopanda mtambo. Achinyamata aja anamupeza wa belu pamwamba pa phiri. Anamenyana nthawi yaitali, mtsogoleri wawo akumuuza kuti moyo ndi wokoma, kuti chisoni cha munthu mmodzi sichingalipidwe ndi dziko lonse. Ndinamasulira zonse, ndipo ndinkagwirizana naye. Pomaliza belu linang'aluka, mmisiri uja anagwa chagada pa udzu, maso ali kumwamba, anthu m'mizinda yotsala n'kuyamba kuvina.

"Yasila?" anafunsa alamu.

"Yatha."

Anapukusa mutu. "Bamumenya, bamulalikira, bapambana. Zoona enze olakwa. Koma palibe olo umozi anamufunsa zina ya mwana wake."

Pamenepo akulu anga anatembenuka. Anali ndi thovu la sopo mpaka m'zigongono. Anayang'ana amuna awo, n'kutchula dzina la mwana wawo, lonse, monga ankamuitanira akachedwa kosewera.

Kunja mwana wa aneba ankakankha beseni pamadzi ngati bwato.

"Nsapato ankavala mosemphanitsa," anatero akulu anga. "Ndikamukonza ankalira, akuti zikumupweteka."

Alamu anaseka. Kunali kuseka kosweka, koma kunali kuseka. "Nikawotcha nsimbi za mageti enze kuima patali, ati adadi bapanga nyenyezi."

"Munkamunamiza kuti mumazigulitsa kumwamba."

"Enze kufuna nimusungileko imozi."

Apa akulu anga analowa ndi manja onyowawo n'kugwada pafupi ndi kampando. Ine ndinatseka laputopu n'kutuluka. Ndinayenda pa njerwa mpaka kokagula tomato amene sitinkamufuna, ndipo pobwerera ndinazungulira njira yaitali.

Sikuti zinthu zinasintha tsiku lomwelo. Panali masiku ena amene alamu ankabwereranso pa kampando kawo osalankhula, ndipo akulu anga ankalira akamva ana akuweruka kusukulu. Koma dzina lija linayamba kumveka m'nyumba, pa chakudya, posesa. Madzi ataphwa n'kusiya mzere wa matope m'makoma, alamu anayamba kupita kuntchito, poyamba mpaka masana okha. Chinthu choyamba chimene anapanga sichinali cha kasitomala. Anatolera zidutswa za zitsulo zotsala pa mageti a anthu n'kuwotcherera kampanda kakang'ono ka pamanda, ka maluwa opindapinda pamwamba.

Tinapita nako kumanda tonse atatu Loweruka lina, zotsatira zanga zitatuluka kale ndipo amayi akundiitana kuti ndibwerere. Tinabwereka wilibala kuchokera pamene basi inatitsitsa. Alamu anakumba, akulu anga anasakaniza simenti pa thumba long'ambika, ine ndinapatsidwa burashi ndi penti yachikasu. Anakangana pang'ono kuti kampandako kapendekeka, alamu akuti ndi nthaka, akulu anga akuti ndi maso a mmisiri. Anakazula n'kukaikanso. Titamaliza tinakhala pansi pa mtengo n'kudya mbatata yophika imene tinanyamula, ndipo madzulo ake ndinakwera basi ya ku Matero, chitenje changa chili ndi madontho achikasu.